Musamabweze buku mwana akadalifuna

Makolo anzanga, pali chinthu chimene ndachiona chikuchitika mobwerezabwereza nyengo ino ndipo chikundiwawa mumtima. Mabuku a zithunzi a ana aang'ono akubwerera ku laibulale msanga kwambiri. Kholo labwereka lero, mkuja lafika kale kudzabweza, mwana ali pambuyo wakumbatira bukulo sakufuna kulisiya, nde mayi ake nkumamukalipira kuti "iwe, limeneli tamaliza kale, pita ukatenge lina". Mwana nkulira, kholo nkutola buku lina pashelefu osalitsegula nkomwe, basi ulendo. Ndikafunsa chifukwa yankho limakhala lomwelo: ndife otanganidwa, timafika kunyumba titatopa, timphindi tochepa tomwe tili natoto bola mwana amve zatsopano kusiyana nkumangobwereza za galu yemweyo usiku ulionse. Za kutopazo ndikuzimvetsa ndithu. Koma maganizo oti buku likawerengedwa kamodzi latha ntchito ndi olakwika, ndipo amene akuluza ndi mwanayo.

Izi sikuti ndikungoganizira. Mu 2011 Jessica Horst ndi anzake a ku yunivesite ya Sussex ku England anachita kafukufuku ndi ana a zaka 3. Ankawawerengera nkhani zomwe munali mayina a zinthu oti anawo sanawamvepo chibadwire. Gulu lina linkamva nkhani imodzi katatu, gulu lina linkamva nkhani zitatu zosiyana, koma mayina achilendo aja magulu onse ankawamva maulendo ofanana. Atawayesa pambuyo pake, amene ankakumbukira bwino mayinawo anali ana amene anamva nkhani yomweyomweyo. Ndipo mukaganiza bwino sizodabwitsa. Ulendo woyamba mwana ali kalikiliki kufuna kudziwa kuti zitha bwanji, ndani akuthamangitsa ndani, galu uja apezeka kapena ayi, mutu wake wonse uli pamenepo, mawu achilendo amangodutsa. Kachiwiri nkhani waidziwa, mtima wakhala pansi, tsopano makutu ayamba kutola mawu ndipo maso ayamba kuyendayenda m'chithunzi. Kachitatu, kachinayi, kachisanu ndi pamene mawu aja amakhazikika nkukhala ake, oti mawa mumumve akuwagwiritsa ntchito posewera. Nde inu mukukabweza buku pa nthawi yomwe ntchito yake ikungoyamba kumene.

Amene munaonapo mwana wa zaka 2 kapena 3 atalizolowera buku mukudziwa zomwe ndikunena. Amayamba kukutsogolerani. Mukaima pang'ono pakati pa chiganizo iye amalizitsa. Mukadumpha tsamba poti tulo takugwirani, amakugwirani dzanja nkubweza tsambalo, "ayi amayi, apa simunawerenge". Mukasintha liu limodzi lokha, mlandu. Kenako tsiku lina mumangomupeza wakhala pansi yekha, bukulo mwina walizondotsa, akudziwerengera mokweza, akutsitsa mawu pomwe inu mumatsitsa, akukuwa pomwe inu mumakuwa. Ena amaseka kuti aaa akungoloweza ameneyo. Eya akuloweza, nanga cholakwika nchiyani? Pamenepo ndi pomwe kuwerenga kumayambira. Wadziwa kuti nkhani ili ndi poyambira ndi pothera, wadziwa kuti masamba amatembenuzidwa kulowera mbali imodzi, wadziwa kuti tizilembo takuda tija timanena zomwezo lero, mawa ndi mkuja, sitisintha. Mwana amene buku limachotsedwa m'manja mwake pakangotha masiku awiri safika pamenepa, nthawi zonse amakhala mlendo m'buku, ongomvetsera basi, sapeza mpata woti nayenso anenepo.

Ndipo pali china chimene makolo sakuchiwerengera. Mwana akasankha buku inu nkumukaniza, kawirikawiri, amaphunzira kuti pa nkhani ya mabuku zofuna zake zilibe ntchito. Mawa musadzadabwe mukamuitana kuti tiwerenge iye nkuthawira panja.

Chimene chimanditopetsa ndi chizolowezi chakale chija choti buku ndi chinthu cha kusukulu, umalize, uyankhe mafunso, upite pa lina. Tinakula nacho ambiri ndipo tikuchipatsira ana oti sanayambe nkomwe sukulu. Ena akuchita ngati mpikisano, kujambula mulu wa mabuku pafoni nkutumizira anzawo kuti onani wanga wamaliza angati mwezi uno, koma mufunseni mwanayo za buku limodzi pa muluwo, zii. Ena asandutsa nthawi yowerenga kukhala mayeso, "ichi nchiyani, chilembo ichi nchiti, bwereza, walakwa", kamwana ka zaka 3 mpaka kugwetsa nkhope. Ena buku akangobwera nalo amaliika pamwamba pa kabati kuopa kuti ling'ambika, limatsika tsiku lokabweza. Nanga munabwerekeranji? Ndipo choipitsitsa, kholo latopa ndi buku lomwelo nde likumupatsa foni kuti akhale chete. Pafoni pomwepo mwana amaonera katuni imodzimodziyo kambirimbiri, palibe amene amati "imeneyi waonera kale". Kubwereza kumangotinyansa kukakhala koti tichite ndife. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2019 kuti ana osakwana zaka 2 asamaikidwe pa sikirini ya foni kapena TV, a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, ndipo linatchula mwachindunji kuti mwana akakhala pansi ndi bwino azimuwerengera kapena kumufotokozera nkhani.

Pali bambo wina mlimi amene sindimuiwala pa nkhani imeneyi. Nthawi yolima amachoka m'bandakucha nkubwera dzuwa litalowa, msana uli wowawa, ndipo sukulu sanapite nayo patali nde kuwerenga kwake nkwapang'onopang'ono, chala chili pansi pa liu lililonse. Mwana wake wamkazi wa zaka 4 anakakamira buku limodzi la mbuzi yomwe inathawa m'khola. Bamboyo anandiuza kuti poyamba ankachita manyazi, ankakakamira pa mawu ena, mwana nkumadikira. Koma poti linali buku lomwelo usiku ulionse, nayenso analizolowera, anayamba kuliwerenga mosadodoma, mpaka kumasintha mawu, ena a mbuzi ena a mwini khola, mwana nkumafa nazo nseko. Masiku obwezera atakwana anapita kukapempha kuti amuonjezere, atakwananso anapitanso. Tsiku lina tulo tinamuba ali pakati pa tsamba, podzidzimuka anapeza mwana akupitiriza yekha nkhani ija mpaka kumapeto, nkumuonetsa kambalame kakang'ono kamene kanajambulidwa pakona pa tsamba lililonse, iye nthawi yonseyi anali asanakaone. Nditamufunsa ngati satopa nalo anangoti munda supaliridwa kamodzi. Amene ali ndi mabuku odzaza kabati ena sakuchita zomwe bamboyu akuchita ndi buku limodzi lobwereka.

Ndipo inu amene mukuti nthawi ilibe, buku lozolowereka ndi lomwe limakupeputsirani ntchito. Latsopano limafuna kuti muyang'anitsitse, mufotokoze uyu ndani uyu ndani, muyankhe mafunso ambirimbiri muli wotopa. Lakale lija mumalidziwa pamtima, mphindi 5 zakwana, olo magetsi atazima mukhoza kulinena mumdima, olo mwanyamula khanda dzanja linali. Kwa mwanayo, tsiku lonse wakhala akuuzidwa kuti fulumira, khala pansi, usagwire icho, amayi apita ku ntchito, abambo sanabwere, zinthu zambiri zoti sakuzimvetsa. Buku lake lija ndi chinthu chimodzi chomwe akudziwa mmene chiyendere kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, nchifukwa chake amalifuna kwambiri akatopa, akadwala kapena pakhomo pakasintha china chake monga kubadwa kwa mng'ono wake. Si matama, si kuvuta. Horst yemwe uja ndi mnzake Sophie Williams anapezanso mu 2014 kuti ana amene anagona tulo atangomva nkhani ankasunga bwino mawu atsopano, nde kabuku ka pogona kaja musakapeputse.

Tsono zochita zake ndi zochepa, zambiri mukuzidziwa kale. Masiku akakwana mwana akadalifuna, pemphani a ku laibulale akuonjezereni masiku, ngati wina walidikirira bwezani koma lembani dzina la bukulo kuti mudzalibwerekenso. Pobwereka tengani awiri, lake lokondedwa ndi lina latsopano, muyambe ndi latsopanolo mumalize ndi lake, akakana latsopanolo lisiyeni pambali aliyandikira yekha. Mukatopa nalo musasinthe buku, sinthani kawerengedwe, imani pakati amalizitse, mufunseni kuti mbuziyo ikumva bwanji, kapena mumpatse agwire buku akuwerengereni ndi iye. Achemwali ake, achimwene ake, agogo, aliyense amene ali pakhomo akhoza kulandirako usiku wina. Liikeni pamalo pomwe dzanja lake likufika, kutali ndi madzi. Tsamba likang'ambika musabise, kauzeni a ku laibulale pobweza, ndipo musalimate ndi tepi wamba, iwowo ali ndi njira yawo yokonzera.