Mmene mungadziwire ngati kalilole amene makolo anakusiyirani ndi wamakedzana

Konzani tochi, pensulo, magolovesi ndi foni yojambulira. Kaliloleyo akhale choimirira monga mwamupezera.

1. Unikani galasilo cham'mbali ndi tochi. Timathovu ndi timafunde m'kati mwake ndi chizindikiro choti linapangidwa pamanja.

2. Yang'anani kuwala kwake. Akalilole akale, monga a ku Murano ku Venice m'dziko la Italy, ankawamata mercury (chitsulo chamadzimadzi chonyezimira) wosakaniza ndi chitsulo cha tini kumbuyo, ndipo amaoneka otuwirako, othwanima ngati mchenga. Njira yomata siliva anaitulukira wasayansi wa ku Germany, Justus von Liebig, mu 1835, ndiye wasiliva sangakhale wakale kuposa pamenepo.

3. Tsatirani maluwa ogobedwa pa kaliloleyo ndi nsonga ya pensulo. Ogoba pamanja safanana ndendende, mizere ina imazama kuposa ina. Akafanana onse, ndi a makina kapena a chikombole.

4. Onani kumbuyo osatsegula: thabwa, misomali, chidindo. Masikuluwu a mtanda anayamba m'ma 1930, koma mwina anangoikidwa pokonza.

5. Jambulani zonsezi mukaonetse katswiri wa zinthu zakale.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: kupukuta kapena kupala kumbuyo pofuna kuchotsa madontho akuda. Chonde musatero, mtengo wake umagwa. Mukaona timadontho tonyezimira m'munsi mwa felemu, ameneyo ndi mercury, ndi poizoni. Musakhudze, tsegulani mawindo.