Nyali ya Giyabokosi Ikayaka pa Galimoto ya Otomatiki: Zoyenera Kuchita Musanalipire Makaniko

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya chigawo chathu cha Tete masiku ano, kuyambira ku Moatize mpaka ku Ulónguè ndi ku Furancungo, ndi zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, ndipo zochuluka mwa izo ndi za otomatiki. Chimene chimandiwawa mtima n'kuona mlimi amene wagulitsa mbatata yake ya kachewere ya chaka chonse akutulutsa ndalamazo kugula giyabokosi ina, pamene vuto linali kasensa kamodzi (kachipangizo kouza kompyuta zimene zikuchitika m'giyabokosi) kapena waya wothothoka. Nyali ikayaka pa dashibodi, kompyuta ya galimoto imakhala kuti yaona cholakwika ndipo yachisunga, koma zimenezi sizitanthauza kuti giyabokosi yafa.

Choyamba, dziwani mmene galimoto yanu imachenjezera, chifukwa makampani sachita mofanana. Pa Honda zambiri chilembo cha D chimayamba kuphethira. Pa Toyota zakale mawu akuti O/D OFF ndiwo amaphethira okha inu musanadine batani, pa Mazda mumaona AT, ndipo pa Subaru ndi galimoto zina zikuluzikulu za Toyota pamayaka mawu akuti AT OIL TEMP, osonyeza kuti oyilo wa m'giyabokosi watentha mopitirira muyezo. Galimoto zina zilibe nyali yapadera, zimangoyatsa ya injini ija.

Nyali ya kutentha ndiyo itikhudza kwambiri ife kuno. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la mumzinda wa Tete limapitirira madigiri 40, ndipo amene akupita ku Angónia amachoka m'chigwa cha Zambezi n'kukwera mitunda yoposa mamita 1,000, kawirikawiri galimoto itadzaza feteleza, simenti kapena anthu. Oyilo wa giyabokosi amagwira bwino ntchito pa madigiri 80 mpaka 90, koma akapitirira 120 amayamba kupsa msanga, ndipo timakalachi ta m'kati timaterereka n'kuperepeseka. Nyaliyi ikayaka muli pamtunda, patukani pamalo abwino, ikani pa P, kokani handibuleki ndipo musiye injini ikulira pang'onopang'ono, pokhapokha ngati nayonso yatentha kapena oyilo akutayika pansi. Injini ikamalira, pampu imayendetsa oyiloyo kupita kozizirira, kotero kuti amazizira msanga kusiyana ndi pamene mwathimitsa. Nyali ikazima pitirizani ulendo mofatsa, ndipo pamitunda yaitali tsitsani giya nokha pa 3 kapena pa 2 kuti giyabokosi isamasinthesinthe.

Kenaka onani oyilo. Imikani galimoto pamalo osapendekeka injini itatentha, pondani buleki, yendetsani ndodo ya magiya m'malo ake onse mukuima pang'ono paliponse, ndi kubwerera pa P. Galimoto zambiri zimayezedwa injini ikulira, koma Honda zambiri zimafuna kuti muthimitse kaye n'kuyeza nthawi yomweyo, choncho buku la galimoto yanu likhale pafupi. Sololani dipisitiki (ndodo yoyezera oyilo) ya giyabokosi, ipukuteni, ibwezereni, isololeninso, ndipo dontho la oyilo mulipake pa pepala loyera. Wabwino amakhala wofiira ndi wopanda litsiro moti pepala limaonekera. Wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka wakalamba ndipo afunika kusintha. Wakuda, wonunkha ngati nsima yopserera mumphika, wokhala ndi tizidutswa tonyezimira mukamutikita pakati pa zala, akusonyeza kuti m'kati mwayamba kudyeka. Koma mukaona wotuwa wonga wasakanizidwa ndi mkaka, musayendetsenso galimotoyo ngakhale kilomita imodzi, chifukwa madzi alowa, mwina kudzera mu rediyeta yobooka m'kati kapena powoloka mtsinje nthawi ya dzinja. Dziwaninso kuti oyilo wa magiyabokosi a CVT (mtundu wa otomatiki wogwiritsa ntchito lamba wachitsulo m'malo mwa magiya) si wofiira nthawi zonse, ndipo galimoto zina zatsopano zilibe dipisitiki, zimayezedwa pansi kugalaja.

Apa ndichenjeze ndi mtima wonse za oyilo wogulitsidwa m'mabotolo osalembedwa m'mphepete mwa msewu. Toyota ina imafuna T-IV, ina WS, pamene Nissan ya CVT imafuna NS-2 kapena NS-3, ndipo kuthira oyilo wamba wa otomatiki mu CVT kumachititsa lamba wachitsulo wa m'kati kuterereka mpaka kuwonongeka. Kuthira wochuluka kupitirira mzere nakonso n'koipa, chifukwa amachita thovu.

Ngati oyilo ali bwino koma nyali ikuyakabe, galimoto ikukana kusintha giya kapena yakakamira pa giya imodzi ndipo ikunyamuka molemera, musachite mantha. Kawirikawiri imeneyo ndi njira imene kompyuta imatetezera giyabokosi kuti mungofika nayo kugalaja. Chofunika tsopano ndi kuwerenga uthenga umene yasunga. Pansi pa chiwongolero, chapafupi ndi mawondo a dalaivala, pali soketi ya timabowo 16 yotchedwa OBD, pamene makaniko amalumikizapo makina owerengera. Nambala ya P0700 imangonena kuti vuto lili ku giyabokosi ndipo pali nambala ina yofunika kuifufuza. P0715 ndi P0720 zimaloza masensa a liwiro, P0750 imaloza solenoidi (kavalavu koyendera magetsi) yosinthira giya, P0741 imakhudza kalachi ya mu torque converter (chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi), pamene P0730 imasonyeza kuti giya ikuterereka kapena sikugwira monga kompyuta ikuyembekezera. Makina ena otchipa sawerenga galimoto zopangidwira msika wa ku Japan, choncho makaniko akanena kuti palibe chimene chaoneka pamene nyali ikuphethira, yesani galaja ina yokhala ndi makina abwinopo.

Musalole aliyense kuchotsa waya wa batire kuti nyali izime musanawerenge nambala, pakuti pa galimoto zambiri kutero kumafufuta umboni wokhawo umene munali nawo. Lembani nambalazo m'kope pamodzi ndi zimene munaona: kaya vuto limabwera m'mawa injini ili yozizira, kaya pamtunda, kaya mutadutsa m'madzi. Nambala yoloza sensa sikuti nthawi zonse sensayo ndiyo yafa. Pemphani makaniko aone kaye mapulagi ndi mawaya, chifukwa mabampu ndi fumbi la misewu ya ku Tsangano ndi ku Macanga zimamasula zolumikizira, ndipo makoswe amatafuna mawaya a galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe. Batire yofooka kapena alitaneta yosatchaja bwino nazonso zimasokoneza kompyuta.

Ngati galimoto yakaniratu kuyenda, musaikoke ndi chingwe mtunda wautali matayala ake oyendetsa ali pansi. Injini ikakhala yothima pampu ya oyilo siigwira ntchito, ndipo zitsulo zimazungulira zouma. Ikwezeni pa lole, kapena nyamulani mbali ya matayala oyendetsawo. Ikakonzedwa, makaniko afufute nambala zakale, muyende naye limodzi mpaka giyabokosi itenthe ndi kulowa magiya onse, kenaka alumikizenso makina inu mukuona musanapereke meticais zanu.