Mmene mungadziwire mtunda umene mphezi yagwera

Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, mvula ya kuno ku Johannesburg imakonda kubwera chakumasana ndi mabingu oopsa. Mukaona chiphaliwali, yambani kuwerenga masekondi mpaka mutamva kugunda, kenako gawani nambalayo ndi 3 kuti mupeze makilomita. Masekondi 9 ndiye kuti makilomita 3.

Njirayi imatheka chifukwa kuwala ndi phokoso zonse zimayenda ngati mafunde, koma liwiro lake n'losiyana kwambiri. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, moti kumafika m'maso nthawi yomweyo, pomwe phokoso, limene limayenda mwa kukankhanakankhana kwa mpweya, limangoyenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Masekondi akachepera 30, lowani m'nyumba msanga, osati kukabisala pansi pa mitengo ya jakaranda ya m'misewu.