Momwe mungayesere Mazda MX-5 musanatulutse ndalama

Mazda MX-5, imene ku Japan amaitcha Roadster, ndi kagalimoto ka mipando iwiri ndi denga lotseguka, kamene kanayamba kupangidwa mu 1989. Mitundu yake ilipo inayi: NA yoyambayo, NB ya 1998, NC ya 2005 ndi ND ya 2015. Injini yake si yaikulu kwenikweni. Chimene anthu amaikondera ndi kupepuka, chifukwa imalemera pafupifupi makilogalamu 1,000 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mphamvu imapita ku matayala akumbuyo. Galimoto yopepuka chonchi siibisa matenda: chilichonse cholakwika kunsi mumachimva m'manja ndi pampando. Choncho popita kukaiyesa, pitani kukamvetsera. Wogulitsa adzafuna muipondereze kuti mukomedwe ndi liwiro, inu musatengeke.

Yambani ndi foni. Muuzeni mwini wake asailize inu musanafike, ndipo mukafika gwirani boneti. Ikakhala yotentha, funsani chifukwa chake, pakuti injini yoti yatenthedwa kale imabisa kuvuta kulira komanso utsi. Ilizeni nokha, mnzanu ataima kumbuyo. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Utsi woyera wosatha, makamaka ngati pansi pa chotsekera oyilo pali zoyera ngati chambiko, ndiye kuti madzi akulowa mu injini. Ya NA ikhoza kuchita phokoso la "tiki-tiki" ikangolira kumene, koma lizitha posachedwa. Ngati ndi NA kapena NB, funsani kuti lamba wa mu injini wotchedwa timing belt anasintha liti. NC ndi ND zili ndi tcheni m'malo mwa lambayu.

Musanakwere, gwadani. Mdani wamkulu wa galimoto imeneyi ndi dzimbiri, makamaka ngati inkayenda kumadera achisanu kumene amathira mchere m'misewu. Suzumirani ndi tochi m'munsi mwa zitseko, cha kufupi ndi matayala akumbuyo. Penti yotupa kapena yatsopano pamenepo pokha ikukuuzani kanthu. Gwero lake nthawi zambiri ndi timipaipi totulutsa madzi a padenga: tikatsekeka ndi zinyalala, madzi amadikha mkati n'kumadya chitsulo mwakachetechete. Ndiye pemphani ndowa ya madzi, tsekani denga, thirani, kenako pisani dzanja kumbuyo kwa mipando ndi pa kapeti. Wogulitsa akhoza kukuonani ngati wovuta. Mulekeni, dzinja lidzakupezani muli nokha.

Khalani pampando denga lili chotseka. Ngati ndinu wamtali, mutu ukugunda, maondo akukhula chiwongolero, nkhani yathera pomwepo.

Mukatuluka pageti, musathamangire msewu wosalala. Funani hampu, yofanana ndi ya kwanu, ndipo muidutse muli anthu awiri. Kuchokera pansi kufika kumimba kwa galimotoyi sipakwana masentimita 15, ndipo eni ake ena amaitsitsanso kuti izioneka bwino. Ikakhula pa hampu wamba, ganizirani msewu wopita kunyumba kwanu mvula ikagwa. Pomwepo mverani kugogoda kwa kunsi, komwe kumasonyeza mashoki kapena mabushi otha.

Kenako kilatchi ndi magiya. Pamsewu wowongoka, ikani giya folo mukuyenda pang'onopang'ono, n'kuponda moto mpaka pansi. Injini ikakwera kulira koma galimoto osawonjezera liwiro, kilatchi yatha. Giya ya MX-5 ndi yaifupi, imalowa ndi dzanja lokha popanda kulimbana; ikamakukuta polowa thuu kapena firii, ndi ndalama zimenezo. Zimitsani wailesi, chotsani phazi pa moto, mumve ngati kumbuyo kukulira kosalekeza, chifukwa difu, imene imagawa mphamvu ku matayala akumbuyo, ikayamba kutha imayamba choncho. Masulani pang'ono manja pa chiwongolero: iyenera kupita mowongoka. Pondani buleki mwamphamvu pamalo opanda anthu, muone ngati ikukokera mbali imodzi. Mukaima, yandikitsani dzanja pa tayala lililonse; limodzi likatentha kuposa anzake, buleki yake ikugwira yokha.

Pamakona ndi pamene galimotoyi imaonetsa ubwino wake, ndipo sipafunika liwiro. Msewu wokhotakhota ngati wokwera phiri la Zomba ndi wokwanira. Iyenera kutembenuka nthawi yomweyo mukangokhotetsa, popanda kuyendayenda. Koma samalani pamchenga ndi ponyowa, chifukwa mukaponda moto pakati pa kona, kumbuyo kumatha kuterereka. Apa matayala ndi nkhani yaikulu. M'mbali mwake muli manambala anayi: 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lakale limauma ngakhale mano ake akadali bwino. Tsegulaninso buti, chifukwa NC ndi ND sizibwera ndi tayala lapadera, ndipo paulendo wa pa M1 chimenechi si chinthu chochepa.

Mukabwerera, isiyeni ikulira kwa mphindi zingapo mukuyang'ana geji ya kutentha ndi pansi ngati pakudontha kanthu. Yerekezani nambala ya chasisi ndi ya mu blue book, onani COF ndi umboni woti msonkho wa MRA unalipiridwa. Musanagwirizane mtengo, itengereni kwa makaniko wanu aikweze, ndipo mufunse ogulitsa zipangizo mtengo wa kilatchi, mashoki ndi denga latsopano, komanso kuti angazipeze m'masabata angati.