Musanasankhe nyumba yosamalira okalamba ku England

Ngati mukufunira kholo lanu malo m'nyumba yosamalira okalamba ku England, kapena mukufuna kukagwirako ntchito monga achitira abale athu ambiri, yambani mwawerenga lipoti la bungwe la Care Quality Commission, lomwe lakhala likuyendera nyumba zoterezi kuyambira mu 2009. Lipotili limapezeka mwaulere pa intaneti, ndipo lamulo limakakamiza nyumba iliyonse kuonetsa poyera mlingo womwe inapatsidwa, kuyambira wapamwamba wa "Outstanding" kufikira wotsikitsitsa wa "Inadequate".

Musakhutire ndi mlingo wokhawo. Onani chaka chomwe oyendera anafikako, chifukwa malipoti ena ndi akale, ndipo mwina eni nyumbayo kapena woiyang'anira anasintha. Werengani mofatsa gawo la chitetezo, makamaka kaperekedwe ka mankhwala ndi kuchuluka kwa ogwira ntchito usiku, pakuti okalamba ambiri satha kudzinenera okha zinthu zikalakwika. Kenako kadzionereni nokha pa nthawi ya chakudya.

Dziwaninso kuti bungweli siliweruza dandaulo la munthu payekha. Dandaulo limayambira kwa oyang'anira nyumbayo, ndipo likakanika limapita ku ofesi yoima payokha yofufuza madandaulo, yotchedwa Local Government and Social Care Ombudsman, koma mukaona zizindikiro za nkhanza, imbirani khonsolo ya deralo tsiku lomwelo.