Chilungulira chikamabwerabwera, osangokhalira kutafuna timapiritsi

Abale anga, nkhani ya chilungulira ambiri timayitenga mwachibwana, pamtima pakangotentha basi kutafuna kapiritsi ka antiasidi n'kumapitiliza zathu. Mwa apo ndi apo palibe vuto. Koma chikamabwera kawiri pa sabata kapena kuposa apo amenewo ndi matenda ndithu, madokotala amati GERD.

Chimachitika n'chakuti pomwe paipi ya chakudya yakumana ndi chifu pali kamnofu kangati mphete, ntchito yake kutseka chakudya chikadutsa. Kakafooka asidi wa m'chifu amakwera, ndiye paipi ija poti ilibe chodzitetezera ngati chifu imapsa. Mumamva kutentha pachifuwa mukatha kudya, mukawerama kapena kugona ndiye zimanyanya, timadzi towawasa kumabwera m'kamwa. Ena satentha n'komwe, amangotsokomola usiku, m'mawa mawu atasasa, n'kumamwa mankhwala a chifuwa miyezi osachira. Amayi oyembekezera chimawavutanso kwambiri.

Yambani ndi zomwe sizifuna ndalama. Idyani pang'onopang'ono osati kukhuta mpaka kulephera kupuma, ndipo pakati pa chakudya chamadzulo ndi kugona padutse maola 3. Kwezani bedi kumutu masentimita 15 mpaka 20 poika njerwa kapena matabwa pansi pa miyendo yake, zounjika mapilo sizithandiza, zimangokupindani pamimba. Gonerani kumanzere. Fodya, mowa, zamafuta ambiri, khofi, tsabola, onani chomwe chimakuputani inuyo musiye chimenecho. Ngati mimba yakula chifukwa chonenepa chepetsani thupi, ine ndimati apa ndi pomwe pagona nkhani ngakhale anthu safuna kumva.

Za mankhwala tsopano. Omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'chifu, si wakumwa pamtima patatentha kale ayi, apa ambiri amalakwitsa kenako n'kumati sagwira ntchito. Amamwa m'mawa mphindi 30 mpaka 60 musanadye, tsiku lililonse, kawirikawiri kwa masabata 4 mpaka 8 monga adokotala anenera. Ranitidine, mankhwala enanso ochepetsa asidi, anachotsedwa pamsika m'maiko ambiri mu 2020, ngati muli naye m'kabati musamwe. Ibuprofen, diclofenac ndi aspirin amawonjezera vutoli, auzeni adokotala ngati mumamwa. Doxycycline, mankhwala opha mabakiteriya, naye mezerani madzi odzadza kapu ndipo musagone pompo, akakakamira m'njira amasiya chilonda.

Koma chonde pali zizindikiro zosadikira nazo: chakudya kukakamira pomeza, kuwawa pomeza, kuwonda osadziwa chifukwa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii ngati phula. Pitani kuchipatala. Kumeneko atha kukuunikani ndi endoscopy, kapaipi kokhala ndi kamera kamene amalowetsa kukamwa, n'kuona ngati paipi ya chakudya yachepa chifukwa cha zipsera, ngati mbali ya chifu yakwera m'chifuwa, kapena ngati khungu la m'kati mwa paipiyo lasintha, komwe amati Barrett's esophagus ndipo mwa ena ochepa kumadzasanduka khansa. Kwa amene chitetezo cha m'thupi chatsika, monga a HIV, kuwawa pomeza nthawi zambiri kumakhala mafangasi a candida ndipo mankhwala ake ndi ena, fluconazole.

Chinanso, ululu wa pachifuwa ukamapita kudzanja kapena kunsagwada, thukuta kamukamu, mpweya ukuperewera, musati ndi chilungulira. Ungakhale mtima umenewo, pezani wokuthamangitsirani kuchipatala nthawi yomweyo.