Nyale ya check engine yayaka? Yambani mwafufuza ngati si khoswe

Galimoto yanga inakhala masabata atatu osayenda. Tsiku loiliza, kanyale kachikasu ka check engine kanayaka n'kukana kuzima.

Choyamba onani mmene nyaleyo ikuyakira. Ikangoyaka osathwanima, mukhoza kuyendabe pang'onopang'ono. Ikamathwanima, zimitsani injini, chifukwa silinda ina sikuwotcha bwino mafuta, ndipo mafuta osapsawo amakawononga catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi cha pa paipi ya ekizozi.

Injini ikazizira, tsegulani boneti, tochi m'manja. Mukusaka zizindikiro za makoswe: tindowe takuda, fungo la mkodzo, tinsanza ndi timapepala tounjikana pakona. Tsegulaninso bokosi la air filter, makoswe amakonda kumanga chisa m'menemo. Mano awo akutsogolo amakula moyo wawo wonse, n'chifukwa chake amateketa chilichonse, mawaya ndi timapaipi tomwe. Valani magolovesi, ndipo ndowezo muzinyowetse ndi madzi a bleach musanapukute. Mukazisesa zouma mukhoza kupuma fumbi la matenda ngati hantavirus.

Kenako werengani khodi, nambala imene kompyuta ya galimoto imasunga yosonyeza pomwe pali vuto. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya OBD2 ya mapini 16. Kachipangizo kowerengera khodi kolowetsa m'soketimo, kolumikiza ndi foni pa Bluetooth, n'kokwanira, musalole kuti wina akunyengerereni kugula chimakina chodula.

Apa ndi pomwe ndinapusa ine. Khodi inatuluka P0102, ya sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, ija amati MAF. Ndinathamangira kwa wogulitsa masipeyala wina, yemwe analumbira kuti sensa yake ndi orijino, ngakhale bokosi linalibe nambala iliyonse. Ndinaika, ndinafufuta khodi, nditangoyenda pang'ono nyale ija ndi iyo! Kubwerera kuti andibwezere ndalama, akuti zamagetsi sitibweza. Khodi sinena kuti sensa yafa ayi. Imangonena kuti kompyuta sikulandira uthenga woyenera kuchokera kumeneko, ndipo waya wodukanso amabweretsa khodi yomweyo. Wanga anali atatafunidwa kunsi kwa paipi ya mpweya, malo osaoneka ukangoima n'kusuzumira.

Ndiye musanagule kanthu, chotsani waya wa negetivu pa batire, zulani pulagi ya sensa yotchulidwayo, tsatirani mawaya ake ndi zala mpaka pomwe akulowa mumtolo waukulu. Pindani pang'onopang'ono, chifukwa nthawi zina khoswe amadula mkuwa mbali imodzi yokha, pamwamba pakuoneka bwinobwino. Yezani ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, poika pa continuity, pomwe kamalira ngati waya ndi wosaduka, uku mukugwedeza wayayo. Kulira kukamadukiza, bala lili pomwepo. Makhodi akatuluka ambiri osagwirizana nthawi imodzi, monga P0335 ya crankshaft pamodzi ndi ina ya mpweya, kayikirani fyuzi kapena waya umodzi wodyetsa masensa angapo. P0325 ya knock sensor, sensa yomva kugogoda kwa injini, ndiyo yotopetsa, popeza pa injini zambiri za V6 waya wake amadutsa pansi pa intake manifold, mapaipi olowetsa mpweya m'masilinda.

Mukalipeza balalo, dulani powolapo, lumikizani ndi waya wonenepa mofanana, wotcherani ndi soda (solder), valikani heat shrink, kapaipi kapulasitiki komwe kamathina kakatenthedwa. Kungopota n'kukulunga tepi sikuchedwa kumasuka ndi kutentha. Mawaya achikasu a airbag musakhudze, asiyireni amakaniko.

Bwezerani batire, fufutani khodi, yendani masiku angapo muone ngati ibwerere. Tcherani msampha pomwe mumaimika galimoto, ndipo muziiliza kawirikawiri.